Kusankha bokosi la kandege kankhondo kofanana ndi ndege yeniyeni

Anthu amene amamanga tindege tapulasitiki totengera ndege za pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ndi ochepa kuno ku Blantyre, ndipo pafupifupi bokosi lililonse limene amamanga amachita kuitanitsa kunja, kaya kudzera mwa m'bale amene akubwera pabasi kuchokera ku Johannesburg, kaya papositi kuchokera ku Britain. Pamene bokosilo likufika m'manja, ndalama zakunja zimakhala zitatuluka kale, msonkho utalipidwa, ndipo mwayi wolibweza sukhalapo. N'chifukwa chake munthu wa kuno ayenera kusankha mosamala kuposa mnzake amene ali ndi sitolo ya zinthuzi m'tauni mwake. Ine ndimaona kuti kusankha kwabwino kumayamba ndi ndege yeniyeni imodzi, yodziwika mtundu wake, chaka chake ndi dera limene inamenyako nkhondo, kenako n'kufunafuna chikombole chimene chinatsanzira bwino kaumbidwe ka ndegeyo. Chithunzi chapachivundikiro, kutchuka kwa kampani ndi kuchuluka kwa tizidutswa m'bokosi ndi zinthu zoganizira pambuyo.

Nambala yolembedwa pabokosi, monga 1/72 kapena 1/48, imasonyeza kuti kandegeko kachepetsedwa kangati poyerekeza ndi ndege yeniyeni. Mapiko a Spitfire, ndege yankhondo ya Britain, kuchokera kunsonga ina kufika kunsonga ina, anali mamita 11.23. Pamlingo wa 1/72 amakhala masentimita 15.6, pa 1/48 amakhala 23.4, pa 1/32 amakhala 35, ndipo pa 1/24 amafika pafupifupi 47. Mlingo wa 1/72 ndi wotsika mtengo, sutenga malo ambiri m'chikwama cha wapaulendo, ndipo uli ndi mitundu yambiri ya ndege kuposa ina yonse. Wa 1/48 ndi umene umaonetsa bwino zam'kati mwa malo a woyendetsa popanda kudzaza nyumba. Chofunika kukumbukira n'chakuti milimita imodzi pa 1/72 ikuimira masentimita 7.2 pa ndege yeniyeni, choncho thupi la kandege likafupika ndi mamilimita atatu okha ndiye kuti ndegeyo yataya masentimita oposa 20, ndipo diso lozolowera ndegeyo limazindikira msanga kuti pali chimene chalakwika ngakhale lisanadziwe kuti n'chiyani.

Cholakwa chimene chimagwira oyamba ambiri ndi kuganiza kuti dzina limodzi likutanthauza ndege imodzi. Spitfire, imene anaikonza R. J. Mitchell, inauluka koyamba pa 5 March 1936, ndipo zimene zinapangidwa zonse zinaposa 20,000 m'mitundu yosiyanasiyana. Mitunduyi imalembedwa ndi Mk (Mark) ndi nambala yake. Mk I zoyambirira zinali ndi pulopela yamatabwa ya timapiko tiwiri ndi denga lagalasi lophwatalala, pamene za mu 1940, zimene zinamenya nkhondo ya mumlengalenga mwa Britain, zinali ndi pulopela ya timapiko titatu, denga lotumphuka ndi mfuti 8 za Browning m'mapiko. Pansi pa phiko lakumanja panali rediyeta yaikulu, pansi pa lakumanzere panali kachoziziritsira oyilo kakang'ono. Mk IX, imene inabwera mu 1942 ndi injini ya Merlin 61, inatalika mphuno, inali ndi pulopela ya timapiko tinayi, ndipo pansi pa mapiko onse awiri panali mabokosi a rediyeta ofanana kukula. Mk XIV inali ndi injini ina, ya Griffon, ndi pulopela ya timapiko tisanu. Ngakhale mkati mwa mtundu umodzi, chilembo chaching'ono chotsatira nambala chimasintha phiko lonse: "a" ndi phiko la mfuti 8 zazing'ono, "b" ndi la mizinga iwiri ya mamilimita 20 ndi mfuti 4, "c" ndi phiko limene linkatha kulandira zida zosiyanasiyana, pamene "e" linali ndi mizinga iwiri ndi mfuti ziwiri zazikulupo. Zida zikasintha, zotumphuka zapamwamba pa phiko ndi titseko tolowetsera zipolopolo zimasinthanso. Munthu amene wagula Mk Vb n'kuimata zizindikiro za ndege ya mu 1940 wamanga ndege imene sinakhaleko, ngakhale atapenta mwaluso chotani.

Kwa ife a ku Malawi, ndege imene ndimalangiza kuti munthu aiganizire poyamba ndi Hawker Hurricane, chifukwa ndiyo inkauluka m'madera amene asilikali a KAR (King's African Rifles) ochokera ku Nyasaland anamenyako nkhondo. Asilikali athu anali ku Moyale ndi ku British Somaliland mu 1940, ndipo pa nkhondo ya kum'mawa kwa Africa ya 1940 ndi 1941 gulu la ndege la South Africa linkayendetsa Hurricane Mk I pamodzi ndi Gloster Gladiator polimbana ndi Fiat CR.42 ndi CR.32 za Italy. Mu 1944, pamene gulu la 11th East African Division linkatsika m'chigwa cha Kabaw ku Burma, Hurricane inali idakali pantchito kumeneko yoombera adani apansi. Koma Hurricane ziwirizi sizingatuluke m'bokosi limodzi popanda kusamala. Ndege imeneyi, yokonzedwa ndi Sydney Camm, inauluka koyamba pa 6 November 1935, ndipo Mk I zoyambirira zinali ndi mapiko okutidwa ndi nsalu, pamene kuyambira mu 1939 zinayamba kutuluka ndi mapiko a malata. Mk II inatalikako pang'ono mphuno, ndipo Mk IIc inali ndi mizinga inayi ya mamilimita 20 yotulukira kutsogolo kwa mapiko. Ndege zotumizidwa kumadera a fumbi zinkaikidwa chosefera mpweya cha Vokes, chimene chimaoneka ngati chibwano chachikulu pansi pa mphuno, ndipo bokosi lopanda kachidutswa kameneka silingakupatseni ndege zambiri za ku Africa kapena ku Burma. Mbali yakumbuyo ya thupi la Hurricane inali ya nsalu yokokedwa pa timitengo tating'ono, ndipo apa ndi pamene zikombole zambiri zimakokomeza, n'kuika migula yakuya ngati kuti nsaluyo inali yolendewera, pamene pa zithunzi za nthawiyo imaoneka yokungika bwino ndi timizere tosaonekera patali.

Ndege za mayiko ena zili ndi misampha yofananayo. Messerschmitt Bf 109E ya Germany inali ndi mapiko odulidwa mowongoka kunsonga ndi timizati tiwiri tochirikiza timapiko takumchira. Pa Bf 109F nsonga zinakhala zozungulira ndipo timizatito tinachotsedwa. Pa G-6 panabwera zotupa ziwiri patsogolo pa denga lagalasi zophimba mfuti za mamilimita 13. P-51B Mustang ya America inali ndi msana wautali wolumikizana ndi denga, pamene P-51D inali ndi denga lagalasi looneka mbali zonse, ndipo D zoyambirira zinatuluka m'fakitale zilibe kachipsepse kowonjezera kutsogolo kwa chipsepse chachikulu cha kumchira. Mitsubishi Zero ya Japan ya mtundu wa A6M2 Model 21 inali ndi mapiko a mamita 12, pamene A6M5 inali ndi a mamita 11.

Mukadziwa ndege imene mukufuna, funso lotsatira ndi la msinkhu wa chikombole. Tizidutswa timapangidwa pothira pulasitiki wosungunuka m'chikombole chachitsulo, ndipo chikombolecho n'chokwera mtengo kwambiri moti kampani imachigwiritsa ntchito zaka makumi angapo, kungosintha chithunzi chapabokosi ndi masitika a zizindikiro za ndege, amene amanyikidwa m'madzi powamata. Nthawi zina imachigulitsa kapena kuchibwereketsa ku kampani ina, kotero kuti bokosi lolembedwa Revell kapena Italeri likhoza kukhala ndi pulasitiki wa kampani ina. Airfix, imene inatulutsa kandege kake koyamba ka Spitfire pa 1/72 m'zaka za m'ma 1950, ndi chitsanzo chabwino: Spitfire yake ya 1/24 ya Mk I ndi ya chikombole cha 1970, pamene ya Mk IXc pamlingo womwewo ndi ya 2022, ndipo ziwirizi n'zosiyana kutali ngakhale zili ndi dzina limodzi la kampani. Chimodzimodzi Tamiya ili ndi Spitfire Mk I ziwiri pa 1/48, ya 1993 ndi ya 2018. Airfix imathandizako ogula polemba mawu akuti Vintage Classics pa zikombole zake zakale, koma si makampani onse amene amachita zimenezi. Njira yodalirika ndi kutenga nambala ya bokosi, osati dzina la ndege lokha, n'kuifufuza pa tsamba la pa intaneti la Scalemates, pamene pamaonetsedwa mzere wonse wa mabokosi otuluka m'chikombole chimodzi ndi chaka chimene chinasemedwa. M'bale wokagula ku Johannesburg muzimupatsa nambala imeneyi, chifukwa iye akangomva kuti "Spitfire ya Tamiya" adzatenga imene waipeza pashelefu, ndipo sadzakhala atalakwa.

Komabe chikombole chatsopano si chitsimikizo chakuti zonse zili bwino. Pali zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza, kaumbidwe ka ndege ndi tinthu tokometsera, ndipo choyambacho ndicho chachikulu. Mwana wa ku Ndirande amene akupinda galimoto yamawaya saika zitseko zotseguka kapena mipando, koma akaipinda bwino aliyense amaizindikira patali kuti ndi Land Cruiser, chifukwa wagwira kutalika kwa boneti ndi kaimidwe ka bodi. Kandege nakonso kamadziwika ndi kutalika kwa thupi, kunenepa kwa mphuno, kupindika kwa m'mphepete mwa phiko, kukwera kwa mapiko kuchokera pathupi kupita kunsonga, ndi mmene kamaimira pamawilo ake. Mpando wosaoneka bwino mukhoza kuusintha, mawilo mukhoza kugula ena, koma thupi lalifupi silingakonzedwe popanda kulicheka pakati ndi kulilumikiza, ntchito imene ngakhale akatswiri amaiopa. Spitfire Mk IX ya Hasegawa pa 1/48 ili ndi mizere yosemedwa mokongola kwambiri, koma omanga akhala akuidandaula kwa zaka zambiri kuti thupi lake ndi lalifupi. Spitfire Mk XIV ya Academy pamlingo womwewo imadziwika ndi mphuno yonenepa mopitirira. Nkhani imene imandigwira mtima ndi ya kampani ya Eduard ya ku Czech Republic, imene mu 2014 inatulutsa Bf 109G-6 ya 1/48 yodzaza ndi tinthu tosemedwa mwaluso, koma ogula atayeza anapeza kuti inakula kuposa mlingo wake. Kampaniyo inavomera, inasema chikombole china, n'kutulutsa chokonzedwa mu 2016. Mabokosi a chikombole choyambacho akadalipo m'manja mwa ogulitsa zinthu zakale, ndipo amene sadziwa mbiriyi akhoza kukopeka ndi kutsika kwa mtengo wake.

Zolakwika zoterezi zimachokera kumene kampani inatenga miyeso. Kale ambiri ankadalira zojambula za m'mabuku, ndipo wojambula mmodzi akalakwitsa, zikombole zingapo zinkatengera cholakwa chomwecho. Masiku ano makampani monga Airfix amayeza ndege za m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi makina a kuwala a LIDAR, zimene zachepetsa kwambiri vuto la kaumbidwe. Koma ndege yosungidwa kapena yokonzedwanso kuti iziuluka siikhala nthawi zonse mmene inalili pankhondo, pakuti okonza amaika mawilo a mtundu wina, wailesi zamakono, malamba atsopano a woyendetsa, ngakhalenso pulopela ya ndege ina imene inapezeka. Makina amatsanzira zonsezo mokhulupirika, ndipo pamafunika munthu wodziwa mbiri kuti asiyanitse chenicheni ndi choikidwa pambuyo. Amene ali ndi mwayi wopita ku Johannesburg azikafika ku nyumba yosungiramo zinthu zankhondo ya ku Saxonwold, kumene kuli Hurricane, Spitfire, Bf 109 ziwiri za mtundu wa E ndi F, Focke-Wulf Fw 190 ndi Me 262. Kuima pafupi ndi Bf 109 n'kuona kuchepa kwa mpata wa pakati pa mawilo ake ndi mmene miyendo yake imatagalalira kumaphunzitsa diso zimene palibe chithunzi chingaphunzitse.

Nkhani ya mizere yapakhungu la ndege imautsa mikangano yosatha. Zikombole zakale zinkaonetsa malire a malata ndi mizere yotumphuka, imene imafufutika mukamapala pamene mwalumikiza. Zatsopano zimakumba mizereyo, ndipo imaoneka bwino ikalandira penti, koma kunena zoona mzere wa mamilimita 0.2 pa 1/72 ukuimira mpata woposa sentimita imodzi, umene ndege yeniyeni sinali nawo. Mizere yokumba ndi mgwirizano wa omanga chabe, choncho sankhani yopyapyala kwambiri. Kuchuluka kwa timisomali nakonso sikutanthauza kulondola. Mapiko a P-51D ankamatidwa ndi fila m'malo olumikizana ambiri, n'kupalidwa, n'kupakidwa penti yasiliva ali m'fakitale kuti mpweya uziyenda mosalala, motero kandege kamene mapiko ake adzaza ndi timisomali kakuonetsa chinthu chimene pa ndege yatsopano sichinkaoneka. Pa ndege yomweyi, khoma lakumbuyo la malo obisamo mawilo linali mtanda waukulu wa phiko, wowongoka, osati lotsatira kupindika kwa khomo lake monga zikombole zambiri zakale zinachitira. Airfix ndi Eduard anakonza zimenezi pa Mustang zawo zatsopano za 1/48. Denga lagalasi liyang'aneni mwapadera, chifukwa likakhala lochindikala limapotoza zonse zam'kati zimene mwavutikira kupenta.

Munthu akhoza kuyeza yekha kunyumba ndi rula yachitsulo, pogawa miyeso yeniyeni ndi nambala ya mlingo, koma achenjere ndi zojambula zosindikizidwa. Makina a fotokope amatha kutalikitsa pepala mbali imodzi, ndipo chojambula chotsitsidwa pa intaneti chimasintha kukula pochisindikiza, choncho muyambe mwayeza pepalalo musanaweruze pulasitiki. Zithunzi za nthawi ya nkhondo ndi mboni yabwino koposa, makamaka zojambulidwa chapatali ndege ili chammbali, pakuti chojambulidwa pafupi chimakulitsa mbali imene yayandikira kamera.

Masitika ndi mitundu ya penti ndi pamene ndege imalandira chaka chake ndi dera lake. Ndege zomenyana mumlengalenga za Britain zinali ndi Dark Green ndi Dark Earth pamwamba, pansi pake n'kukhala theka lakuda theka loyera kumayambiriro kwa nkhondo, kenako mtundu wa Sky kuyambira June 1940. Mu August 1941 Dark Earth inalowedwa m'malo ndi Ocean Grey pa ndege za ku Britain, pamene za m'chipululu zinali ndi Dark Earth, Middle Stone ndi Azure Blue. Ku Burma, kuyambira mu 1943, kufiira kunachotsedwa pa chizindikiro chozungulira kuti chisasokonezedwe ndi dzuwa lofiira la ndege za Japan, ndipo chinatsala cha mitundu iwiri ya buluu. Pa ndege zambiri za South Africa, pakati pa chizindikirocho panali polanje m'malo mofiira. Ndege za Germany zinkatsatira manambala a penti a RLM, unduna wa za ndege wa dzikolo, monga 74, 75 ndi 76 pa Bf 109 za pakati pa nkhondo. Mabokosi ambiri sakhala ndi chizindikiro cha chipani cha Nazi cha pachipsepse, kapena amachidula pawiri, chifukwa malamulo a Germany amaletsa kuchionetsa. Kuchiika kapena kuchisiya ndi nkhani ya chikumbumtima cha womanga, ndipo ndimalemekeza amene amachisiya podziwa zimene chinaimira. Bokosi labwino limatchula nambala ya ndegeyo, gulu lake, malo ndi mwezi, zimene mukhoza kuzitsimikiza ndi chithunzi. Masitika osindikizidwa ndi Cartograf ya ku Italy amadziwika kuti mitundu yake siphonyana.

Pali kusiyana pakati pa kandege kolondola ndi kandege kosavuta kumanga, ndipo woyamba ayenera kuziyeza zonse ziwiri. Tamiya imatchuka chifukwa tizidutswa take timalowana popanda kukakamiza, ndipo Spitfire Mk I yake ya 2018 ndi Bf 109G-6 ya 2017 pa 1/48 zimaphatikiza kulondola ndi kuphweka, ngakhale mtengo wake ndi wokwera. Eduard imagulitsa pulasitiki yemweyo m'mabokosi awiri: ProfiPACK, mmene muli tizitsulo topyapyala ndi zomata zotchingira galasi popenta, ndi Weekend, yotsika mtengo, imene kaumbidwe kake n'kofanana ndendende. Kwa amene ndalama zakunja zikumuvuta, Weekend ndiyo yanzeru. Pa Hurricane ya 1/72, zikombole za Arma Hobby ya ku Poland, za Mk I ya mapiko a malata ndi Mk IIc, ndizo ndingasankhe, pamene Airfix ili ndi ya mapiko a nsalu pamlingo womwewo komanso Gladiator yabwino. Makampani ang'onoang'ono amene amapanga ndege zosowa amagwiritsa ntchito zikombole zosakhalitsa, tizidutswa take timasowa timano tolozera polumikiza, ndipo amafuna dzanja limene lamangapo kale kangapo.

Nyengo ya kuno iyeneranso kulowa m'chiwerengero. Bokosi lakale limene lakhala m'nyumba yotentha limakhala ndi masitika ouma amene amasweka akangolowa m'madzi, ndipo mapiko aatali amapindika likasiyidwa m'galimoto yotseka mwezi wa October. Chinyontho cha chiperoni chimayeretsa vanishi wosawala ngati waupopera tsiku la nkhungu, choncho ntchito imeneyo ndi yodikira dzuwa. Penti zina ndi guluu wosungunula pulasitiki ndi zinthu zoyaka msanga, ndipo ogulitsa ambiri akunja amakana kuzitumiza pandege, kotero ndi bwino kuziitanitsa pamodzi ndi bokosi kudzera mwa wobwera pamsewu, mutalemba manambala a mitundu itatu kapena inayi imene ndege yanu ikufuna. Wokagulayo mumupemphe kuti, ngati bokosi ndi lotsegula kale, aone kuti thumba la tizidutswa ndi lomata, denga lagalasi lilibe mng'alu, ndiponso pepala la masitika silinachite chikasu kapena kumatirira ku pepala la malangizo, chifukwa mwa zonse za m'bokosimo, galasi ndi masitika ndizo simungathe kupanga nokha kuno zikapezeka zowonongeka.